Kodi Wosiya Mowa Ulemu Wake Akaupeza Kuti?

Tsiku limene ndinatsika sitima ya Ilala pa Likoma kukaona achimwene anga, iwo sanabwere kugombe kudzandichingamira. Anatuma mwana. Ndinakawapeza kuseri kwa nyumba, pamthunzi wa mlambe, akusoka ukonde wa munthu wina. Panali patapita miyezi itatu chisiyireni mowa, umene anaumwa kwa zaka 12. Ine ndinali nditakonza mawu oyamikira ndili m'sitima momwemo, ndipo ndinawayala onse. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza, maso ali paukonde, kenaka anati: "Mowa ndasiyadi, mng'ono wanga. Koma kugombe kuja sindingafikeko masana. Palibe munthu kumeneko amene sanandionepo nditagona mumchenga ngati galu. Ndikaledzera maso awo sindinkawaona. Tsopano ndikuwaona onse."

Mawu amenewa sanandichoke m'mutu. Ambirife timaganiza kuti nkhondo ya mowa imatha tsiku limene munthu waika botolo pansi. Amene anadutsamo amadziwa kuti tsiku limenelo ndi pamene ina imayamba. Mowa umawononga, ndipo pa nthawi yomweyo umaphimba maso a mwini wake kuti asaone zimene wawonongazo. Ukachoka, chophimba chija chimachoka nawo, koma zowonongeka zimatsala pomwepo. Munthu amadzuka m'mawa mutu uli bwinobwino, n'kuona ana amene anasiya sukulu chifukwa cha iye, mkazi amene amabisa ndalama m'nsalu akamva mapazi ake, ndi anzake amene anayamba nawo usodzi ali ndi maboti awoawo. Funso limene ndikufuna tilingalire ndi ili: munthu wotereyu akachipeza kuti chifukwa chodziwerengeranso ngati munthu? Nanga ife amene tinamuona atagwa tili ndi gawo lanji pa kudzuka kwake?

Nkhani imeneyi sitikonda kuikamba m'makomo mwathu. Mowa ndi haramu, ndipo nthawi zambiri timachita ngati lamulolo likutanthauza kuti palibe Msilamu amene amamwa. Koma kuchokera ku Mangochi, kudzera ku Salima ndi Nkhotakota mpaka kuzilumba, ndi mabanja angati amene alibe mwana, mlamu kapena malume amene dzina lake limatchulidwa motsitsa mawu? Kukhala chete kwathu sikunachiritsepo aliyense.

Likoma ndi malo oyenera kulingalirirapo funsoli chifukwa cha kuchepa kwake. Chilumba chonse ndi cha masikweya kilomita 18 okha. Boma lonse la Likoma, kuphatikizapo Chizumulu, linali ndi anthu osakwana 15,000 pa kalembera wa 2018. Munthu akhoza kuyenda wapansi kuchokera ku Makulawe kumpoto mpaka ku Nkhwazi kumwera dzuwa lisanapendeke. Mbali zonse ndi madzi, ndipo mapiri amene amaoneka kutsidya ndi a dziko la Mozambique. Munthu wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre akasiya mowa akhoza kusamukira dera lina kumene palibe womudziwa, n'kuyamba moyo ngati mlendo. Pa Likoma zimenezo palibe. Mayi amene ankakugulitsa kachasu mukumana naye pamsika ku Mbamba. Mwini chilimila amene anakuchotsa ntchito ndi yemweyo ali ndi ntchito imene ukuifuna. Ana amene ankakutsatira ukudzandira ndi omwewo akudutsa pakhomo pako popita kusukulu. Pachilumba munthu amadzukira pamalo pomwe anagwera, pamaso pa mboni zomwezo. Ndipo pa nkhani imeneyi midzi yathu ya m'mphepete mwa nyanja sisiyana kwenikweni ndi chilumba.

Tiyambe tamvetsa mmene mowa umagwirira munthu kugombe, kuti tidziwe chimene tikulimbana nacho. Msodzi wa usipa amagwira ntchito usiku, pamadzi pozizira, ndi nyali zokopera nsomba. Ndalama yake imabwera m'mawa, m'manja, yonse pakamodzi, thupi lili lotopa. Mwezi ukawala kwambiri usipa sutsata nyali, ndipo asodzi amakhala kumtunda masiku angapo opanda chochita. Mwera ukawomba m'miyezi yozizira, maboti amagona pamchenga. Ndalama ya dzulo ili m'thumba, tsiku ndi lalitali, anzako akukuitana. Umu ndi mmene achimwene anayambira, ndi kapu imodzi yochotsera kuzizira. Masiku amenewo kunali mowa wa m'masacheti, wotsika mtengo ndiponso wosavuta kubisa, umene ngakhale Msilamu akanaumwa popanda kuoneka pamalo omwera. Boma linauletsa mu 2015, koma ludzu limene unadzala silinachoke ndi masachetiwo. Kachasu analipo kale, ndipo timabotolo ting'onoting'ono tinalowa m'malo.

Munthu akamwa tsiku ndi tsiku kwa zaka, thupi limazolowera kuyenda ndi mowa. Ubongo umasintha kagwiridwe kake ka ntchito pofuna kulimbana ndi chinthu chimene chikuufooketsa, ndipo chinthucho chikasowa mwadzidzidzi, manja amanjenjemera, thukuta limatuluka, tulo timasowa, mtima umathamanga. Ena amagwa ngati odwala khunyu. Ena pakapita masiku awiri kapena atatu amayamba kuona zinthu zimene palibe. Kumudzi timathamangira kunena kuti ndi majini kapena ufiti, pamene ndi matenda odziwika bwino kwa madokotala, amene akhoza kupha munthu ngati sanathandizidwe. N'chifukwa chake amene wamwa kwambiri kwa nthawi yaitali ayenera kuonana ndi achipatala pamene akusiya. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2024 kuti m'chaka cha 2019 anthu pafupifupi 2.6 miliyoni anamwalira chifukwa cha mowa. Ndikutchula zimenezi kuti munthu amene wayesa kusiya kakhumi n'kulephera adziwe kuti ankalimbana ndi chinthu chimene chagwetsa anthu amphamvu m'maiko onse. Kapu yoyamba inali yosankha yekha, ndipo inali tchimo. Kapu ya chaka chakhumi inali tchimo ndi unyolo pamodzi.

Tsopano tibwere pa funso lathu. Timati munthu wotere "wataya ulemu". Koma mawu akuti ulemu amanyamula zinthu ziwiri zimene tiyenera kuzilekanitsa. Choyamba ndi ulemu umene anthu amakupatsa: kukupatsa mpando pamaliro, kukufunsa nzeru pamlandu, kukukongoza popanda kulemba. Umenewu ndi mbiri ya munthu, ndipo uli ngati malipiro. Umabwera ndi ntchito zako, umapitanso ndi ntchito zako. Womwa mowa amautayadi, ndipo palibe chifukwa chonamizana. Chachiwiri ndi ulemu umene munthu amabadwa nawo. Qur'an yolemekezeka, mu Surat Al-Isra ndime 70, imatidziwitsa za ulemerero umene Allah anaupereka kwa ana a Adam monga mtundu. Palibe amene anaugwirira ntchito ulemu umenewu, choncho palibenso amene angaugulitse pa botolo la kachasu. Ukhoza kukwiririka ndi zoipa za munthu, ndipo mwini wake akhoza kuiwala kuti ulipo, koma pamene mpweya ukadali m'chifuwa khomo la kulapa lili lotsekula, ndipo khomo limenelo silitsekulidwira chinthu chopanda pake.

Vuto la achimwene linali lakuti anasokoneza ziwirizi. Poona kuti mbiri yatha, anaganiza kuti iwonso atha. Munthu amene wadziweruza kuti watha alibe chifukwa chodzisungira, pakuti palibe amene amasamala chinthu chimene akuchiyesa zinyalala. Apa ndi pamene manyazi amasanduka mnzake wa mowa. M'Chisilamu manyazi ndi chinthu chabwino, ndipo Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye) anawawerengera m'gulu la nthambi za chikhulupiriro. Amenewo ndi manyazi amene amagwira dzanja la munthu asanachite choipa, kapena kumubwezera pamphasa ya Swala atachita. Koma alipo ena amene amamuuza munthu kuti sayenera kuima pamzere ndi anthu oyera, kuti duwa yake ingodetsa mzikiti, kuti ndi bwino akhale kuseri kwa nyumba. Manyazi otere amamusiya yekha, ndipo chibaba cha mowa chimakonda munthu amene ali yekha. Amamwa chifukwa cha manyazi, n'kuchita manyazi chifukwa chakumwa.

M'buku la Hadith la Imam Al-Bukhari muli nkhani ya munthu wina wa ku Madina, dzina lake Abdullah, amene anthu anamupatsa dzina lakuti Himar, kutanthauza bulu. Anali munthu wanthabwala amene ankaseketsa Mtumiki. Analinso womwa mowa, ndipo analangidwapo chifukwa cha zimenezo. Tsiku lina atabwera nayenso pa mlandu womwewo, mmodzi mwa anthu amene analipo anamutemberera, podandaula kuti munthuyu sakusintha. Mtumiki analetsa temberero limenelo, ndipo anachitira umboni pamaso pa onse kuti munthu ameneyu ankakonda Allah ndi Mtumiki wake. M'nkhani ina ya m'buku lomwelo, anthu atanenera womwa mowa mawu omufunira manyazi, Mtumiki anawachenjeza kuti potero akuthandiza Satana kugonjetsa m'bale wawo. Tione bwino zimene zinachitika. Tchimo linatchulidwa ndi dzina lake, chilango chinaperekedwa, koma munthuyo sanalandidwe umunthu wake kapena malo ake pakati pa okhulupirira. Mtumiki anaona mwa iye chinthu chimene mowa unali usanachifike, ndipo anachitchula mokweza kuti mwini wake amve.

Wina afunsa: kodi uku si kunyengerera tchimo? Ngati womwa mowa timulandira ndi manja awiri, achinyamata aphunzirapo chiyani? Funsoli ndi loyenera, ndipo amene ali ndi ufulu wolifunsa kuposa tonse ndi akazi ndi ana a anthu amenewa. Madzulo a tsiku lomwe ndinafika, ndinayesa kulankhula ndi alamu anga za kukhululuka. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anati: "Inu alamu mumabwera ndi sitima, mumabwerera ndi sitima. Ine ndi amene ndinagulitsa mapoto anga kuti ana adye. Ndi ine ndinkawanyamula kugombe usiku anthu akuseka. Asiya kanayi konse m'nyumba muno, ndipo kanayi konse ndinasangalala. Musandiuze kuti ndisangalale kachisanu." Ndinalibe choyankha, ndipo lero ndikuona kuti sindinayenere kukhala nacho. Mkazi ameneyu sankalakwa. Aliyense amene amalalikira chifundo kwa womwa mowa n'kuiwala amene analipira mtengo wa mowawo akuchita chisalungamo china.

Yankho lili m'kulekanitsa kuja. Ulemu wobadwa nawo tiyenera kumupatsa munthu lero lomwe, popanda kudikira umboni: kumupatsa salamu, kumuitana ndi dzina lake lenileni, kumusiyira malo pamzere wa Swala, kudya naye m'mbale imodzi. Koma kudalirika ndi ngongole, ndipo amene anaiwononga ayenera kuibweza pang'onopang'ono, pa liwiro la amene analakwiridwa. Alamu anga anali ndi ufulu wosunga okha ndalama za pakhomo kwa nthawi yonse imene anafuna. Analibe ufulu, ndipo sanaufune, wowauza ana kuti bambo awo ndi chinthu chachabe. Mabanja ambiri amalakwitsa mbali imodzi mwa ziwirizi. Ena amamubwezera munthu makiyi onse sabata yoyamba chifukwa chachimwemwe, ndipo akagwa amati tinanyengedwa. Ena amamumana ngakhale moni mpaka atatsimikiza kuti wasintha, ndipo munthu womanidwa moni sakhala ndi mphamvu zotsimikizira chilichonse.

Nanga mwini wake amayamba bwanji kudziona ngati munthu? Ine ndinayesa njira ya mawu. Ndinawauza achimwene kuti ndi munthu wofunika, kuti timawakonda, kuti zakale zapita. Anagwedeza mutu mwaulemu, koma mawuwo sanalowe. Ndinazindikira pambuyo pake chifukwa chake. Kwa zaka 12 iwo anali akusonkhanitsa umboni wodzitsutsa okha: lonjezo lililonse limene anaswa, m'mawa uliwonse umene analumbira n'kumwa madzulo ake. Mtima wa munthu suli wopusa. Sukhulupirira mawu okoma pamene uli ndi mulu wa umboni wotsutsana nawo. Chimene umafuna ndi umboni watsopano.

Amene anadziwa zimenezi ndi bambo wina wachikulire mwa Asilamu ochepa a pachilumbapo. Sanabwere ndi ulaliki. Anafika tsiku lina, anakhala pansi, anathandiza kugwira ukonde, ndipo ponyamuka anati: "Miyendo yanga yatha, mwana wanga. Madzi a udhu a m'bandakucha ndikusiyira iwe. Zigubu ndi ziwiri." Basi. Ntchitoyo inali yaing'ono moti munthu sangaitchule, koma inali ndi nzeru zambiri mkati mwake. Inkachitika kukadali mdima, pamene maso aja ankawaopa anali asanadzuke. Inkafuna kuti agone msanga. Ndipo koposa zonse, inali ntchito imene anthu ena ankaidalira: zigubu zikapanda kufika, anthu akanasowa madzi. Kwa nthawi yoyamba patapita zaka zambiri, panali chinthu padziko chimene chinkayenda bwino chifukwa iwo adzuka. Tsiku lililonse linawonjezera kaumboni kamodzi ku mbali inayo ya sikelo. Mtumiki anaphunzitsa kuti Allah amakonda kwambiri ntchito imene munthu amaichita mosalekeza, ngakhale ikhale yochepa, ndipo akuluakulu athu amati pang'onopang'ono ndi mtolo.

Chachiwiri chinali kope la ngongole. Imam An-Nawawi, amene anamwalira mu 1277, anafotokoza m'buku lake la Riyadh As-Salihin kuti kulapa kuli ndi zofunika zitatu: kusiya tchimolo, kumva chisoni chifukwa cha ilo, ndi kutsimikiza mumtima kuti subwererako. Koma ngati tchimolo linakhudza munthu wina, pali chachinayi, chomwe ndi kubweza zimene unamulanda kapena kupempha kuti akukhululukire. Ambiri timaona chachinayichi ngati chilango. Ine ndinachiona chikugwira ntchito ngati mankhwala. Achimwene analemba m'kope la mwana wa sukulu mayina a onse amene anawadyera: wagolosale, mnansi amene anamubwereka nkhafi osabweza, mwini chilimila amene anamugulitsira nyali mwakuba. Anayamba ndi ngongole yaing'ono kwambiri. Anandiuza kuti ulendo wopita kwa mwini nyali uja unali wautali kuposa ulendo uliwonse umene anayendapo panyanja, ngakhale nyumba yake inali pafupi. Munthuyo sanawakumbatire. Analandira ndalamazo, anaziwerenga, n'kunena kuti zatsala. Koma pobwerera, achimwene anadzera njira ya kugombe, masana. Munthu amene wabweza ngongole amayenda mosiyana ndi amene wangokhululukidwa.

Olemba mbiri ya Chisilamu amasimba za Abu Mihjan Ath-Thaqafi, msilikali ndi mlakatuli amene mowa unamuvuta kwambiri. Pa nkhondo ya Qadisiyya ku Iraq, cha m'ma 636, mtsogoleri wa asilikali, Sa'd ibn Abi Waqqas, anamumanga unyolo. Nkhondo itakula, Abu Mihjan anachonderera mkazi wa Sa'd kuti amumasule, ndipo analonjeza kuti akapulumuka adzabwerera yekha m'unyolomo. Anamasulidwa, anamenya nkhondo molimba mtima, ndipo madzulo anabwereradi n'kuika miyendo yake m'unyolo. Sa'd atamva, anamumasula, ndipo akuti kuchokera pamenepo Abu Mihjan anasiya mowa. Anthu amakonda kutama kulimba mtima kwake pankhondo. Kwa ine chachikulu ndi kubwerera kuja. Munthu wina anamukhulupirira pa chinthu chimodzi, kwa tsiku limodzi, ndipo iye anapeza kuti mawu ake akadali ndi kulemera.

Ndikanakonda nkhani ya achimwene ikanayenda molunjika chotero. Mwezi wachisanu ndi chiwiri, nthawi ya mwera, maboti ali pamchenga sabata yathunthu, anamwa. Anamwa masiku awiri. Alamu anatseka chitseko, ndipo sindiwaimba mlandu. Zigubu sizinafike. Tsiku lachitatu m'bandakucha bambo wachikulire uja anagogoda pakhomo ndi ndodo yake, zigubu zili m'manja mwa mdzukulu wake. Anati: "Masiku awiri tavutika madzi. Usatichitenso zimenezi." Anazisiya pomwepo n'kumapita. Sanabise kuti munthuyo walakwa ndiponso kuti kulakwako kwavutitsa anthu. Koma sanamulande ntchito. Mawu ake anali chidzudzulo chimene chimaperekedwa kwa munthu amene akumuyembekezera mawa.

Kuterereka kotere n'kofala pakati pa anthu amene akusiya mowa, ndipo achipatala amakudziwa bwino. Choopsa kwambiri ndi bodza limene limabwera pambuyo pake, lakuti miyezi yonse ija yapita pachabe, choncho palibe chifukwa choyambiranso. Miyezi isanu ndi umodzi ya madzi a udhu inachitikadi. Ngongole zimene zinabwezedwa zinabwezedwadi. Msodzi akang'amba ukonde pamwala sautaya m'nyanja, amakhala pansi n'kusoka pamene pang'ambikapo. Surat Az-Zumar ndime 53 ikulankhula ndi anthu amene adzichitira okha zoipa zopyola muyeso, ndipo ikuwaletsa kutaya mtima pa chifundo cha Allah. Tikumbukirenso kuti lamulo loletsa mowa silinatsike tsiku limodzi. Surat Al-Baqara ndime 219 inayamba ndi kuonetsa kuti kuipa kwake kukuposa phindu lake, Surat An-Nisa ndime 43 inaletsa kuyandikira Swala munthu ataledzera, ndipo Surat Al-Ma'ida ndime 90 ndi 91 zinatseka nkhaniyo kotheratu. Mayi Aisha (Allah asangalale nawo) anafotokoza kuti chiletsocho chikanakhala choyamba kutsika, mitima isanakhazikike m'chikhulupiriro, anthu akanachikana. Lamulo linamalizidwa kale, ndipo palibe amene angatenge mbiriyi ngati chilolezo chomwa pang'ono. Phunziro lake ndi lakuti Amene analenga mtima wa munthu akudziwa kuti umachira pang'onopang'ono.

Tsono gawo lathu ndi lotani? Choyamba ndi lilime. Surat Al-Hujurat ndime 11 ikuletsa kunyozana ndi kuitanana mayina onyoza. M'midzi mwathu womwa mowa amakhala ndi dzina lachipongwe, ndipo dzinalo limakhalabe ngakhale mowa utatha zaka zisanu. Nthawi iliyonse imene tikulitchula timamukumbutsa kuti kwa ife iye ndi yemwe uja. Chachiwiri, timupatse ntchito yoti agwire. Malangizo alandira okwanira. Munthu amene amangolandira chithandizo ndi chifundo amazolowera kudziona ngati katundu wa ena. N'chifukwa chake gulu la Alcoholics Anonymous, limene linayamba mu 1935 mumzinda wa Akron ku America pamene anthu awiri ovutika ndi mowa, Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith, anayamba kuthandizana, linakhazikika pa mfundo yakuti wosiya mowa amalimba akamathandiza mnzake kusiya. Ngakhale mbiri yake yoipa ija imapeza ntchito, pakuti mnyamata amene wayamba kumwa amamvera msanga munthu amene anagonapo mumchenga kusiyana ndi amene sanalawepo.

Chachitatu, tisachite manyazi ndi chipatala. Duwa ndi mankhwala sizilimbana. Pa Likoma pali chipatala cha St Peter's, ndipo ku Mzuzu a St John of God ali ndi chithandizo cha anthu amene agwidwa ndi mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Banja limene limabisa m'bale wawo m'nyumba poopa zonena za anthu likuteteza mbiri yake ndi moyo wa munthu. Ndipo tisaiwale mkazi ndi ana. Nawonso ali ndi mabala awo, ndipo afunika wowayendera, wowamvetsera, osati wongowauza kuti apirire.

Pa Likoma pali malo otchedwa Chipyela. Mbiri imati dzinali linabwera chifukwa kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Pamalo amenewo ndi pamene amishoni a UMCA anayamba kumanga tchalitchi chachikulu cha St Peter's mu 1903, chimene anansi athu Achikhristu amapempheramo mpaka lero ndipo alendo amachokera kutali kudzachiona. Dzina lakale silinasinthe. Anthu amatibe ku Chipyela, koma akatero masiku ano amaganiza za chimene chinamangidwapo. Ndinkadutsa pamenepo ndi achimwene tsiku lina pamene anandiuza kuti asiya kudikira tsiku limene anthu adzaiwale. "Saiwala," anatero. "Ngakhale ine sindiiwala. Koma ndaona kuti munthu akhoza kukumbukiridwa zinthu ziwiri."

Ndikuganiza kuti yankho la funso lathu lili pamenepo. Wosiya mowa ulemu wake saupeza pofufuta zakale, pakuti madzi akatayika saoleka. Saupezanso podikira kuti mudzi wonse umuvomereze, pakuti ena sadzamuvomereza mpaka kumanda. Amayamba ndi kukhulupirira kuti ulemu umene Allah anamupatsa sunathere m'botolo, ndipo pamwamba pa maziko amenewo amaika tsiku limodzi losungidwa bwino, kenaka lina. Ife sitingamumangire, koma tikhoza kumupatsa poyambira, ndi kusagumula ndi pakamwa pathu zimene wamanga.

Ulendo wanga wotsiriza ku Likoma unali patapita zaka ziwiri chichitikireni kuterereka kuja. Kope la ngongole linali litatsala ndi mayina atatu. Alamu akusungabe okha ndalama za pakhomo, koma tsiku limenelo anawatuma kumsika ndi ndalama m'manja, ndipo sanawerengere chenji pamaso pawo. Bambo wachikulire uja anamwalira, Allah amuchitire chifundo, ndipo zigubu tsopano amanyamula awiri, achimwene ndi mnyamata wina amene wangosiya kumwa. Sitima itafika, ndinawaona ataima pagombe pakati pa khamu, dzuwa lili pamutu. Munthu wina m'khamumo anawaitana ndi dzina lachipongwe lija. Anatembenuka, anamupatsa moni, kenaka analandira chikwama changa n'kuchiika paphewa.